Nkhonya za M'komboni: Mbiri ya Esther Phiri ndi Masewera Omenyana Kum'mawa kwa Lusaka

Esther Phiri ndi wankhonya wa ku Zambia amene anabadwa m'chaka cha 1987, ndipo ndiye mkazi woyamba m'dzikolo kutchuka ndi nkhonya zolipidwa. Anakulira ku Mtendere, komboni yoyandikana ndi Kalingalinga ndi Helen Kaunda, kum'mawa kwa mzinda wa Lusaka. Pakati pa 2006 ndi 2012 anapata malamba angapo a mabungwe a nkhonya a padziko lonse, nagonjetsa akatswiri ochokera ku America, ku Ulaya ndi mu Africa momwemuno. Mbiri yake ili pakati pa mbiri ina yaitali: kumbuyo kwake kuli amuna ngati Lottie Mwale, ndipo kutsogolo kwake kuli Catherine Phiri ndi achinyamata amene lero akuphunzira masewera omenyana osakaniza, otchedwa MMA. M'mibadwo yonseyi, ntchito ya womenya yakhala ikukhazikika pa mafuwa atatu: malo ophunzirira, mphunzitsi wodziwa ntchito, ndi wina woika ndalama. Fuwa limodzi likachoka, mphika supsa.

Makomboni a kum'mawa

Kalingalinga ili pakati pa University of Zambia ndi msewu wa Alick Nkhata. Inayamba ngati malo amene anthu obwera kudzafuna ntchito m'tauni ankamangapo popanda chilolezo cha boma, pa minda yakale ya m'mphepete mwa mzinda. Lamulo la m'chaka cha 1974 linatsegula njira yoti makomboni otere avomerezedwe ndi kukonzedwa m'malo mogumulidwa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 khonsolo ya Lusaka, mothandizidwa ndi dziko la Germany, inakonza misewu, mipopi yamadzi ndi nyumba za ku Kalingalinga. Mtendere inakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1960, boma litagawa mapuloti kuti anthu adzimangire okha. Ambiri mwa okhala m'madera amenewa ndi ochokera ku chigawo cha kum'mawa kwa Zambia, ndipo Chinyanja ndicho chimamveka pamsika, m'minibasi ndi m'mabwalo a mpira.

Moyo wa m'makomboniwa wakhala wodalira manja. M'mbali mwa msewu wa Alick Nkhata muli owotcherera zitsulo amene amapanga mageti, mafelemu a mawindo ndi mbaula. Muli akalipentala, ouumba mabuloko, ndi amayi oswa miyala ndi nyundo kuti agulitse kwa omanga nyumba. Ena ali ndi kantemba, ena amagulitsa ndiwo zamasamba, tomato ndi makala. Mwana wa m'dera lotere amayamba msanga kunyamula katundu wolemera, ndipo amadziwanso msanga kuti sukulu imatha tsiku limene ndalama zatha m'nyumba.

Nkhonya asanabwere Esther

Nkhonya zinazika mizu ku Zambia m'nthawi ya atsamunda, makamaka ku Copperbelt, kumene makampani a migodi anamanga maholo ndi makalabu a masewera kuti antchito ndi ana awo azisangalalako. Dziko litalandira ufulu mu 1964, makalabu a asilikali ndi apolisi anawonjezera mphamvu, chifukwa wankhonya wabwino ankapezako ntchito, chakudya ndi nthawi yochita mapulakatisi.

M'dongosolo limeneli ndimo munatuluka Lottie Mwale, wotchedwa Gunduzani, amene anabadwa mu 1952. Anapata mendulo yagolide pa masewera a Commonwealth ku Christchurch, ku New Zealand, mu 1974, chaka chomwe Muhammad Ali anagonjetsa George Foreman ku Kinshasa. Atalowa nkhonya zolipidwa, anagwetsa Tony Sibson wa ku England mu raundi yoyamba mu 1978, ndipo mu 1979 analanda lamba wa Commonwealth kwa Gary Summerhays wa ku Canada mu Lusaka. Mu November 1980 anamenyera lamba wa bungwe la WBC ndi Matthew Saad Muhammad ku San Diego, koma anagwa mu raundi yachinayi. Pambuyo pake Keith Mwila anapatsa Zambia mendulo yake yoyamba ya Olympics, yamkuwa, ku Los Angeles mu 1984. Chisanda Mutti anamenyera lamba wa IBF mu 1985, ndipo Anthony Mwamba anaimira dziko ku Olympics ya ku Seoul mu 1988, nadzapata mendulo yamkuwa pa masewera a Commonwealth ku Auckland mu 1990.

Zaka za m'ma 1990 zinagwedeza mafuwa onse atatu. Mtengo wa mkuwa unali utagwa, makampani a boma anagulitsidwa, ndipo migodi ya kampani ya boma ya ZCCM itapita m'manja mwa eni atsopano, makalabu ambiri anasowa wowasamala. Nthawi yomweyo matenda a Edzi anatenga makolo ambiri, ana nkutsalira agogo. Nkhonya zolipidwa zinazilala. Lottie Mwale anamwalira mu October 2005 atadwala nthenda ya Parkinson kwa zaka zambiri, ndipo chaka chomwecho ndicho Esther Phiri anayamba kumenya nkhonya zolipidwa.

Ubwana wa Esther ndi kulowa kwake m'nkhonya

Bambo ake atamwalira, banja linasowa pogwira. Esther anasiyira sukulu mu giredi 6 ndipo anakakhala ndi agogo ake aakazi ku Mtendere, kumene ankawathandiza kugulitsa ndiwo zamasamba ndi zina zapamsika. Ali ndi zaka 16 anabereka mwana wamkazi, namulera yekha. Njira imeneyi inali yodziwika kwa atsikana ambiri a m'komboni, ndipo kawirikawiri inkathera pamsika kapena m'ukwati wofulumira.

Chimene chinapatutsa njira yake ndi bungwe la achinyamata la Africa Directions, limene linatsegula malo ku Mtendere n'cholinga chophunzitsa achinyamata za Edzi ndi kuwachotsa m'mabala powapatsa masewera. Pakati pa masewerawo panali nkhonya, ndipo malowa anakhala fuwa loyamba. Esther analowa m'gulu la anyamata, ali mtsikana yekhayekha. Anthu ankamuseka, ena nkumanena kuti wazungulira mutu, poti kuponya chibakera kunkaonedwa ngati khalidwe losayenera mwana wamkazi wolangidwa bwino. Iye anapitiriza, ndipo chifukwa chosowa mkazi womenyana naye, ankachita mapulakatisi ndi amuna. Zimenezi zinamulimbitsa thupi ndi mtima kuposa akazi ambiri amene anadzakumana nawo pambuyo pake.

Fuwa lachiwiri linali Anthony Mwamba, wotchedwa Preacherman, amene atasiya kumenya anakhala mphunzitsi ndi pulomota pansi pa dzina la Exodus. A Mwamba anamutenga Esther, namuphunzitsa kaimidwe, katetezedwe ka nkhope, kayendetsedwe ka miyendo ndi kupuma bwino pakati pa maraundi. Anamuika pa mwambo wolimba wa wankhonya: kuthamanga m'mamawa kusanache, kumenya thumba, kudumpha chingwe, kusamala kadyedwe kuti sikelo isapyole, ndi kutalikirana ndi mowa ndi zibwenzi nthawi yokonzekera nkhondo. Nkhonya zake zoyamba sizinamukomere. Zina anagonja, zina analepherana ndi mnzake, ndipo ndalama zimene ankapeza zinali zochepa.

Zaka za malamba

Kumapeto kwa 2006, ku Nairobi, Esther anagonjetsa Kelli Cofer wa ku America pamapointi, natenga lamba wa bungwe la WIBF wa sikelo ya makilogalamu pafupifupi 59. Anthu ochepa ndiwo ankayembekezera zimenezi kwa mtsikana amene anali asanamenye nkhonya zambiri. Mu March 2007 anateteza lambayo mu Lusaka pogonjetsa Monika Petrova wa ku Bulgaria, pamaso pa chikhamu cha anthu. Kumapeto kwa chaka chomwecho anapambana Belinda Laracuente, katswiri wobadwira ku Puerto Rico amene anali atamenyapo ndi akazi otchuka kwambiri m'nkhonya, natenga lamba wa GBU. Mu 2008 anagonjetsa Elina Tissen wochokera ku Germany ndi Hondi Hernandez wa ku America.

Pambuyo pake anakwera sikelo. Analepherana ndi Terri Blair wa ku America mu 2009, ndipo mu 2010 anagonjetsa Duda Yankovich, wobadwira ku Serbia koma wokhala ku Brazil, natenga lamba wa WIBA wa sikelo ya makilogalamu 63.5. Kumayambiriro kwa 2011 anapambana Lely Luz Florez wa ku Colombia, ndipo mu 2012 anagonjetsa Monalisa Sibanda wa ku Zimbabwe maraundi asanathe. Nkhonya za akazi zomenyera lamba wadziko lonse zimakhala za maraundi 10, iliyonse ya mphindi ziwiri. Mphamvu ya Esther inali kupirira: ankapita kutsogolo, nkumamukakamiza mnzake kubwerera m'zingwe, ndipo nthawi zambiri ankapambana pamapointi atamaliza maraundi onse.

Fuwa lachitatu linali kampani yogaya unga ya National Milling Corporation, motsogozedwa ndi Peter Cottan. Kufunika kwa thandizo limeneli kumamveka munthu akadziwa mmene nkhonya ya lamba imakonzedwera. Pulomota amalipira bungwe la lambayo, amagulira matikiti a ndege wankhonya wochokera kunja ndi aphunzitsi ake, amawasungitsa ku hotela, amalipira lifali, majaji ndi madokotala, amachita lendi holo, kenaka nkulipira omenyawo. Ndalama zapakhomo zokha sizikwanira, makamaka ngati ochemerera ambiri ndi anthu a m'komboni. Kampaniyo inanyamula mtolo umenewu, ndipo nkhope ya Esther inaonekera pa zikwangwani zotsatsa unga m'misewu ya Lusaka. Nkhonya zake zinkachitikira m'malo ngati Mulungushi International Conference Centre ndi bwalo la Woodlands, ndipo zinkaonetsedwa pa wailesi yakanema. Usiku wa nkhonya, anthu a ku Kalingalinga, Mtendere, Chawama ndi Kanyama ankadzazana m'nyumba za anansi okhala ndi TV, ndipo dzina lakuti Esther linkapatsidwa kwa mtsikana aliyense wosaopa anyamata.

Boma linamuzindikira. Pulezidenti Levy Mwanawasa anamupatsa nyumba mu Lusaka. Esther anaika ndalama zake zina m'nyumba zochititsa lendi, ndipo anabwerera ku maphunziro kuti akwaniritse zimene umphawi unamudula. Kutchuka kunabweranso ndi mtolo wake: abale ambiri ankadalira iye, ndipo anthu sankaleka kumufunsa za ukwati. Nkhani imeneyi, ya mkazi wokokedwa ndi ntchito mbali ina ndi zofuna za chikhalidwe mbali ina, ndiyo maziko a filimu ya Between Rings, imene Jessie Chisi wa ku Zambia ndi Salla Sorri wa ku Finland anatulutsa mu 2014.

Itatha 2012, Esther sanamenyenso pafupipafupi. Ankapuma nthawi yaitali, nkubwerera, nkupumanso. Kupeza ndalama zokonzera nkhonya zikuluzikulu kunavuta, ndipo wankhonya amene sakumenya amatsika pa mndandanda wa mabungwe, lamba nkupatsidwa kwa ena. Anthony Mwamba anamwalira mu January 2021, ndipo imfa yawo inatseka nyengo imene nkhonya za akazi zinabadwira ku Zambia.

Otsatira mapazi ake

Khomo limene Esther anatsegula silinatsekekenso. Catherine Phiri, amene si m'bale wake ngakhale mfunda ndi umodzi, anakulira m'gulu la Oriental Quarries Boxing Promotions, mphunzitsi wake ali Mike Zulu ndipo woyendetsa zinthu ali Chris Malunga. Mu January 2016 anapita ku Mexico nagonjetsa Yazmin Rivas kwawo komweko, natenga lamba wa WBC wa sikelo ya makilogalamu 53.5. Anali mkazi woyamba wa mu Africa kutenga lamba wadziko lonse wa bungwe limeneli, lomwe lamba wake Lottie Mwale analephera kutenga mu 1980. Anautaya mu April 2017 kwa Mariana Juárez mumzinda wa Mexico City. Gulu lomwelo linalera Charles Manyuchi wa ku Zimbabwe, amene anatenga lamba wasiliva wa WBC ku Russia mu 2016. Apanso mafuwa atatu anali pamalo ake: jimu, mphunzitsi, ndi kampani yoswa miyala yolipira zonse.

Chitsanzochi chinadutsa malire. Atsikana a ku Malawi anayamba kubwera kudzamenya ku Lusaka, ndipo mmodzi mwa iwo, Anisha Basheel, anakatenga lamba wa Commonwealth ku London mu 2018. Nkhonya za akazi zinalowa mu Olympics mu 2012. Kwa achinyamata osalipidwa, malo a masewera a OYDC, amene anatsegulidwa mu Lusaka mu 2010, anapereka bwalo labwino lophunzirira, ndipo Zambia inapezanso mamendulo pa masewera a Commonwealth ku Birmingham mu 2022 kudzera mwa Stephen Zimba ndi Patrick Chinyemba.

Kubwera kwa MMA

Pamene nkhonya zinkadzuka ku Lusaka, kunja kunali kukukula mtundu wina wa masewera omenyana. Mu MMA womenya amaloledwa kuponya zibakera, mateche, mawondo ndi zigongono, kugwetsa mnzake, ndi kumupana khosi kapena kumupinda mkono mpaka atagonja pomenya pansi ndi chikhatho. Amamenyera m'bwalo lotchingidwa ndi waya, atavala magulovu ang'onoang'ono osiya zala poyera kuti athe kugwira. Raundi imakhala ya mphindi zisanu. Nkhondo wamba ili ndi maraundi atatu, ya lamba asanu. Mpikisano woyamba wa bungwe la UFC unachitikira ku Denver, ku America, mu November 1993, ndipo anapambana ndi Royce Gracie wa ku Brazil, amene anaonetsa kuti wodziwa kulimbana pansi angathe kugonjetsa munthu womuposa thupi.

Pali ulusi wolumikiza ntchito ya Esther ndi masewera atsopanowa. Terri Blair, Belinda Laracuente ndi Duda Yankovich, onse amene anakumana ndi Esther, anamenyanaponso nkhonya ndi Holly Holm wa ku America. Holm anasiya nkhonya nalowa MMA, ndipo mu November 2015 anagwetsa Ronda Rousey ndi teche la kumutu ku Melbourne, natenga lamba wa UFC. Yankovich nayenso anayesa MMA. Izi zikusonyeza msinkhu wa akazi amene Esther ankalimbana nawo, komanso kuti nkhonya ndi amodzi mwa maziko olimba a womenya MMA, malinga akaphunzira kudziteteza ku mateche ndi kugwetsedwa.

Kum'mwera kwa Africa, khomo lalikulu lakhala bungwe la EFC, limene linayamba ku Johannesburg mu 2009. Dricus du Plessis wa ku South Africa anadzera kumeneko asanatenge lamba wa UFC mu January 2024. Iye asanatenge lambayo panali Kamaru Usman ndi Israel Adesanya, obadwira ku Nigeria, amene anatenga malamba mu 2019, ndi Francis Ngannou wa ku Cameroon, amene anakumba mchenga ali mwana asanatenge lamba wa amuna olemera kwambiri mu 2021. Wapafupi kwambiri ndi Lusaka ndi Themba Gorimbo wa ku Bikita, ku Zimbabwe. Anali mwana wamasiye, anakumba dayamondi ku Marange, anasamukira ku South Africa, natenga lamba wa EFC, ndipo analowa UFC mu 2023. Atapambana koyamba kumeneko, anagulitsa zovala zimene anamenyera kuti akumbitse mjigo kumudzi kwawo.

Ku Zambia, MMA ikadali yaing'ono poyerekeza ndi nkhonya. Mu Lusaka muli sukulu ya masewerawa yotchedwa Ulemu Fight Academy, yotsogozedwa ndi Benjamin Bush, imene imaphunzitsa anyamata ndi atsikana, ambiri a iwo ochokera m'makomboni. Omenya a ku Zambia, monga Ken Sekeletu, aonekerapo m'mipikisano ya EFC. Zofunika pa masewerawa n'zochuluka kuposa za nkhonya. Wankhonya angayambe ndi thumba lamchenga lopachikidwa pamtengo ndi magulovu obwerekana, pamene wa MMA amafuna mamati ogwerapo, aphunzitsi a luso losiyanasiyana, ndi anzake a sikelo yake odziwa kulimbana pansi. Mipikisano yolipira bwino ili kunja kwa dziko, choncho pamafunika pasipoti, ulendo ndi zikalata za dokotala. Malipiro amabwera pokhapokha munthu akamenya, ndipo akavulala miyezi imatha wopanda cholowa m'thumba.

Zoopsa ndi malire a ntchitoyi

Ntchito ya womenya ndi yaifupi. Ambiri amakhala pachimake kwa zaka zosakwana khumi, ndipo kumenyedwa m'mutu mobwerezabwereza kumatha kuwononga bongo, zotsatira zake nkudzaonekera munthu atakula. Kuchepetsa thupi mofulumira kuti ukwane pasikelo, posala madzi ndi chakudya, kumafooketsa impso ndi mtima. N'chifukwa chake malamulo amafuna kuti womenya apimidwe asanalowe m'bwalo, dokotala akhale pafupi, lifali aimitse nkhondo wina akalephera kudziteteza, ndipo wogwetsedwa apume milungu ingapo asanamenyenso. Ku Zambia ntchito yopereka ziphaso ndi kuyang'anira nkhonya zolipidwa ili m'manja mwa bungwe la Zambia Professional Boxing and Wrestling Control Board.

Vuto lina ndi la ndalama ntchito ikatha. Ankhonya ambiri a mbadwo wa Lottie Mwale anakalamba movutika ngakhale anadzaza mabwalo m'masiku awo. Esther Phiri anasiyana nawo poika chuma chake m'nyumba akadali pachimake ndi pobwerera ku sukulu. Makalabu a asilikali amathandizanso mbali imeneyi, chifukwa womenya amakhala ndi ntchito yopitiriza magulovu akapachikidwa.

Malo a Esther Phiri m'mbiri

Esther Phiri anapeza nkhonya za ku Zambia zitagona, nazidzutsa, ndipo anachita zimenezi ali mkazi, mayi wolera yekha mwana, wosiyira sukulu ku pulayimale. Asanabwere iye, panalibe mtsikana wa ku Kalingalinga kapena ku Mtendere amene akanauza makolo ake kuti akufuna kudya za nkhonya nkumvedwa. Pambuyo pake, Zambia inatulutsa katswiri wamkazi wa WBC, ndipo atsikana amalowa m'majimu a nkhonya ndi a MMA popanda wowatcha amisala. Luso lakhala lilipo m'makomboni a Lusaka kuyambira kale. Chimene chasiyanitsa mbadwo wina ndi unzake ndi kupezeka kwa malo ophunzirira pafupi ndi kwawo kwa ana, mphunzitsi wokhulupirika, ndi wothandiza ndi ndalama wosatopa msanga. Ku Mtendere, pakati pa 2005 ndi 2012, zitatuzi zinakumana pa mtsikana mmodzi wogulitsa ndiwo zamasamba, ndipo iye anakhala katswiri wa dziko lonse.